Mchere wa M'dzanja Langa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndiloleni ndilankhule nditakhala pansi. Nkhani yanga si yothamangira, ndipo mawondo angawa anakana kalekale zoimirira nthawi yaitali.

Ambiri mumandidziwa. Ndine mayi a Tiyamike, mkazi wa malemu a Jailosi, atelala aja ankasoka pakhonde la sitolo ku Songani. Ena muli muno munakwatitsa ana anu atavala zosoka iwo.

Ine ndinabadwira mu mpingo. Ndinabatizidwa ndili khanda, ndinalowa kalasi, ukwati wanga unadalitsidwa m'tchalitchi. Mukanandifunsa masiku amenewo ngati ndinapulumutsidwa, ndikanakuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ine? Lamulungu sindinkajomba. Mpango wanga unkayera kuposa wa aliyense. Mlandu wanga sunafikepo kwa akulu a mpingo.

Koma Yesu sindinkamudziwa. Chimene ndinkapembedza linali dzina langa. Ndinkafuna kuti anthu akamatchula akazi osunga banja m'chigwa chino cha Domasi, aziyambira ine. Kupemphera kwanga kunali ngati kusesa pabwalo, kuti odutsa aone kuti pakhomo pano pali munthu waukhondo.

Zaka zija matipate atangoyamba, bambo a Tiyamike anayamba kudandaula m'chifuwa. Ankati pali chinthu chobaya kumanzere kuno, chimakwera mpaka paphewa. Akagona chagada chinkakula. Akakhala tsonga n'kuwerama chinkachepa. Poyamba tinkaseka, kuti makina awapinda msana moti thupi laiwala kagonedwe. Kenaka anasiya kupalasa njinga, chifukwa akafika pachitunda mpweya unkawathera. Kenaka anasiya kupita kuntchito. Kuseka kunathera pomwepo.

Tinapita kuchipatala chachikulu ku tauni. Anawajambula, anawayeza magazi. Masiku amenewo munthu akangoonda, aliyense ankaganiza za matenda aja tinkaopa kuwatchula dzina. Magazi anatuluka abwino.

Adokotala, bambo wina wofatsa wa imvi, anatiuza kuti vuto lili pa mtima. Anati mtima sukhala pamtetete, umakhala m'kathumba kopyapyala. Kathumbako kakatupa, kapena kakadzaza madzi, mtima umasowa malo ogundira. Dzina la matendawo anati ndi perikadaitisi. Ndinalibwerezabwereza mpaka linakhazikika pa lilime, chifukwa ndinkadziwa kuti kumudzi akandifunsa, ndipo ine sindinkakonda kuoneka wosadziwa.

Anatinso matendawa ali mitundumitundu. Wina umabwera pambuyo pa chimfine, umapweteka kwambiri koma umatha wokha. Wina umachokera ku chifuwa chachikulu, ndipo ndiwo wofala kwathu kuno. Mankhwala ake alipo, kungoti amatenga miyezi. Wina, kathumba kaja kamauma n'kukhala gwa ngati chikopa chosiyidwa padzuwa, n'kumaufinya mtima. Panalinso mtundu wina, koma tsiku limenelo anangoudumpha. Anati tiyambe taganiza za chifuwa chachikulu.

Anawapopa madzi ndi singano yaitali, pansi pa fupa la pachifuwa. Ndinaona namwino akutuluka ndi madziwo, ofiirira ngati otsukira nyama. Tsiku lomwelo bambo anapuma ngati munthu. Anadya, anandiseka kuti ndaonda kuposa wodwala. Anayamba jakisoni ndi mapiritsi, ndipo ine ndinati basi, tapulumuka.

Ndinakhala nawo m'chipatala. Ndinkagona pansi pa bedi, kuphika kukhitchini ya odikirira odwala utsi uli m'maso, kuchapa, kuyanika, kuthamangira namwino. Amene munadikirirapo wodwala mukudziwa. Munthu umaiwala kuti nawenso uli ndi thupi.

Madzi anabwerera. Anapopanso. Anabwereranso. Miyendo inayamba kutupa, kenaka mimba, kenaka nkhope. Mitsempha ya m'khosi inaimirira ngati zingwe. M'munsi mwa khosi munatuluka kachotupa kolimba, kosapweteka. Anadulako kanyama n'kutumiza ku Blantyre, ndipo tinadikira mpaka kuleka kufunsa.

Zotsatira zitabwera, adokotala anandiitanira pakhonde ndekha.

Anati, "Mayi, mtundu uja sindinaunene ndi umenewu. Ndi khansa. Inayambira m'mapapo, yafika pa kathumba ka mtima. Ife tikapopa madzi, iyo ikuthira ena. Yayambanso kuthira m'mbali mwa mapapo, ndiko kubanika mukukuonaku. Kuchiza sitingathe. Pitani nawo kunyumba, tikupatsani mankhwala ochepetsa ululu ndi ena okodzetsa. Ndipo m'ndiwo zawo musamathire mchere, umawonjezera kutupa."

Sindinalire. Ndinapukuta kumaso ndi chitenje, ndinalowa m'wodi, ndinati, "Bambo, atitulutsa. Akuti mukapezera bwino kunyumba."

Mukudziwa mmene timachitira kuno. Wodwala sauzidwa kuti akupita. Timati mupeza bwino, ngakhale maso athu akuona zina. Ukanena, amati wamudula mtima, wamukankhira kumanda ndi pakamwa pako. Ine ndinakulira m'menemo, komanso bambo aja ndinkawakonda. Ndinati katunduyu ndisenza ndekha.

Kunyumba kugona sankatha. Ndinawaikira mtondo patsogolo, pamwamba pake pilo, ndipo ankakhala pamkeka ataukumbatira, mutu atatsamiza. Amayi a mpingo akabwera kudzazonda matenda ankasangalala. Ankati, "Ambuye ndi abwino, akhala tsonga! Ndipo masaya abwerera!" Ine ndinkangovomera. Ndikanawauza bwanji kuti masayawo ndi madzi?

Bambo a Tiyamike anali mkamwini, tinkakhala kwathu kuno. Kwawo kunali ku Naisi. Kumeneko kunali achemwali awo aakulu, alamu anga a Felesiya, amene anawalera makolo atamwalira. Anabwera ndi kamtolo kawo kudzakhala nafe. Anayang'ana miyendo ya mlongo wawo, anadina ndi chala, chala chinasiya dzenje. Anayang'ana nkhope. Kenaka anayang'ana ine, nthawi yaitali.

Masana ndinabweretsa chakudya. A Felesiya analawa ndiwo za wodwala n'kufunsa, "Alamu, mchere mwaiwala?"

Ndinati, "Ayi, adokotala aletsa."

"Aletsa mchere?" Anaika mbale pansi pang'onopang'ono. "Ndiye kuti nawonso aona."

Achinyamata mwina simukumva. Makolo athu ankati pali matenda otchedwa tsempho. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake akadya amatupa miyendo ndi nkhope, chifuwa chimamugwira, mpaka kufa. Timaimba mokweza m'tchalitchi muno, koma zimenezi ambiri tinazisunga pansi pa mtima. Kwa alamu anga zonse zinali poyera. Munthu watupa, akubanika, magazi ake ndi abwino, mankhwala achizungu alephera, ndipo ngakhale dokotala wanena za mchere. Akanafunanso umboni wanji?

Kuyambira tsiku limenelo anandilanda mphika. Anaika mafuwa awo kuseri kwa nyumba yanga, m'mudzi wa amayi anga, n'kumaphikira mlongo wawo okha. Ine anandisiyira kuchapa zofunda, kutaya chitini cha mkodzo, kusambitsa wodwala ndi kumusisita miyendo. Manja anga anali odetsedwa pa chakudya pokha. Pa zonyansa anali oyera bwinobwino.

Anabwera ndi sing'anga wa kwawo. Sing'angayo anatema mphini pa miyendo yotupa ija, ndipo m'malo mwa magazi munkatuluka madzi. Mabalawo sankauma. Wowapukuta ndinali ine.

Nkhani inayenda. Ndikafika kuchitsime, macheza ankaduka. Kutchalitchi, benchi imene ndinkakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri. Ena anayamba kupenekera: mwina ndi wogulitsa nsomba uja amaima pakhomo pake, mwina ndi mphunzitsi uja ankabwera kudzayesa thalauza. Ine, mayi wa mwana wokwatiwa kale! Tsiku lina ndinaseka ndekha, kuti kani ndikadali wooneka. Kunali kuseka kowawa.

Koma chimene chinandithyola si pakamwa pa anthu. Ndi bambo a Tiyamike. Anamva zonse, sanayankhe kanthu. Chakudya cha achemwali awo ankadya. Zitsamba za sing'anga ankamwa. Ndikamawasisita miyendo ankayang'ana kumbali. Munthu amene ndinakhala naye kuyambira utsikana wanga, wodziwa kuti sindinapiteko ngakhale kumsika osawatsanzika, analephera kunena kuti, mkazi wanga sangatero. Zinandipweteka kuposa chilichonse chimene ndinamvapo m'moyo.

Ndinali ndi liwu limodzi londiyeretsa. Khansa. Koma alamu anga si munthu wosunga kanthu m'kamwa. Ndikanawauza, akanalira maliro pomwepo, wodwala akumva.

Kupemphera ndinasiya. Poyamba ndinkakangana ndi Mulungu mumtima, kuti zaka zonsezi ndadzisunga, malipiro ake ndi amenewa? Kenaka ngakhale kukwiyako kunandithera. Ndinkadzuka wotopa, kuyenda wotopa, kudya osamva kukoma. Tsiku lina ndinapezeka nditaima pakati pa bwalo, ndowa ili pamutu, osadziwa ngati ndikupita kumadzi kapena ndikuchokako.

Ndiye a Felesiya anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Anati sing'anga wanena kuti mankhwala a tsempho sagwira ngati wolakwa sanaulule. Ndiulule dzina la mwamunayo pamaso pa ankhoswe. Ndikakana, iwo atenga mlongo wawo kupita naye ku Naisi, ndipo ine ndisakapondeko. Anapangana Loweruka masana.

Abale, ndikuuzeni zoona, ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndinati ndingotchula mwamuna wina amene anamwalira kale. Andinyoze, andichotse pa mgonero, bola andisiye ndisamale amuna anga mpaka mapeto. Ndani wina ankadziwa mowatembenuzira osawapweteka? Kutopa kumamufikitsa munthu pamenepo.

Loweruka m'mawa ndinatenga zofunda kupita nazo kumtsinje wa Domasi. Ndinachapa chimodzi. Chachiwiri manja anakana. Ndinakhala pamwala, mapazi ali m'madzi. Sopo anatsetsereka n'kutengedwa ndikuona, koma sindinatambasule dzanja.

Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Sindinaone kuwala. Ndinangolankhula, koyamba m'moyo wanga osasankha mawu okoma. Ndinati, "Yesu, ndatopa. Dzina lija ndinkalisunga latha. Ndilibe china chokuonetsani. Ngati mumalandira anthu opanda kanthu, ine ndili pano."

Pamenepo ndinakumbukira kuti Iyenso anamunamizira pamaso pa akulu, ndipo sanathamange uku ndi uku kudziyeretsa. Ndinali nditamva zimenezi Pasaka aliyense, koma zinkangondidutsa pamwamba pa mutu. Tsiku limenelo zinalowa. Ndinadziwa kuti alipo mmodzi amene akundidziwa ndense, zoona zanga ndi kunyada kwanga komwe, ndipo sananditaye. Ndinalira mpaka m'nthiti kuwawa.

Nditanyamuka, vuto linali lomwe lija. Zofunda zinali zikadali zakuda, ankhoswe anali m'njira. Koma sindinalinso ndekha, ndipo ndinadziwa kuti munthu wakufa uja sindimunamizira.

Masana ankhoswe anakhala pakhonde kuti wodwala amve. Bambo tinawatulutsa pamodzi ndi mtondo wawo. Amalume anga, amene anali nkhoswe ya mbali yathu, anandifunsa ataweramitsa mutu ndi manyazi. Anandichonderera kuti ngati pali kanthu ndinene, moyo wa munthu upulumuke.

Ndinati, "Amalume, mwamuna wina sindimudziwa. Bodza sindinena, ngakhale likhale lothandiza. Ngati mukuwatenga, atengeni. Ine ndibwera m'mbuyo mwanu, ndikakhala kunja kwa mpanda, ndizikachapa zofunda zawo."

A Felesiya anaimirira n'kumangitsa chitenje. "Mwadzimvera nokha. Mtima wamwala. Tiyeni, anyamuleni tizipita."

Pamenepo bambo a Tiyamike anakweza dzanja. Mpweya unali wochepa, mawu ankatuluka amodziamodzi, ndipo tonse tinadikira.

"Mayi a Tiyamike, adokotala aja anakuuzani chiyani pakhonde paja?"

Ndinati, "Anati mukapezera bwino kunyumba."

"Mwangonena kumene kuti bodza simunena."

Ndinagwada pafupi nawo, ndinagwira miyendo yotupa ija, ndinanena. Khansa, kathumba ka mtima, madzi amene sadzaleka kubwerera. Ndinanena zonse, mpaka chifukwa chenicheni chimene analetsera mchere. A Felesiya anayamba kukuwa, koma bambo anawaletsa ndi dzanja.

Anatenga nthawi kuti amalize zimene ananena, akupumira pakati. Anati, "Ndinadziwa tsiku limene anandisiyitsa jakisoni. Nsalu ikafika posasokekanso, telala amaona. Koma achemwali atanena za tsempho, ndinagwira pomwepo, chifukwa tsempho lili ndi mankhwala. Ndinafuna kuti mukhale olakwa, mayi, kuti ine ndikhale ndi moyo. Mundikhululukire."

Amalume anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

Ine ndinkaganiza kuti akundikayikira. Kani munthu ankangoopa kufa. Miyezi yonse ija tinali m'nyumba imodzi, aliyense atabisa mantha ake, wina kuopa kunena, wina kuopa kufunsa. Ndinawakhululukira pomwepo, ndipo sizinandivute, chifukwa m'mawa womwewo nanenso ndinali nditalandiridwa ndilibe chondiyenereza.

Kenaka bambo a Tiyamike anati, "Ndili ndi njala. Kandiphikireni nkhwani. Mchere mudzathire pano, ndi dzanja lanu, aliyense akuona."

Ndinati, "Adokotala analetsa."

"Analetsera amene ulendo wawo ukadali wautali."

Ndinaphika. Ndinabwera ndi mphika pakhonde, ndinatapa mchere, ndinathira. Anadya mbamu zochepa chabe, koma ankadya akundiyang'ana m'maso. Atatha anakankhira mbale kwa achemwali awo. A Felesiya anaiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikugwera pachitenje. Kenaka anapempha madzi osamba m'manja.

Sanachire. Ndisakunamizeni, umboni wanga si wa machiritso. Madzi anapitiriza kubwera, kubanika kunakula, ululu unafika mpaka m'mafupa a msana. Masabata otsalawo anali olemera kuposa onse, ndipo panali masiku ena amene ndinkagona chiimire.

Koma m'nyumba munalibenso chobisa. Tinkapemphera limodzi, ine ndikunena mawu, iwo akuvomera ndi mutu. Anaitanitsa abusa, analandira mgonero atakhala. Anaitanitsa Tiyamike ndi mwamuna wake n'kuwalangiza. Ananena woti atenge makina. Anauza achemwali awo kuti akamwalira adzaikidwe kuno, pafupi ndi pamene ndidzagone ine. Zimenezi munthu wonamizidwa kuti achira sapeza mpata wozichita. Anatisiya masana ena mvula yoyamba itangogwa, atatsamira pachifuwa panga.

Alamu anga sananene kuti pepani. Si onse amene pakamwa pawo pamatha mawu amenewo. Koma pamaliro anakhala pambali panga, ndipo mpaka lero akakolola amanditumizira kenakake. Ena m'mudzi amanong'onabe. Anong'one. Mphamvu zothamangitsa mawu a anthu ndilibe, ndipo sindikuzifunanso.

Kutopa sikunathe. Pali masiku amene ndimadzuka thupi lili lolemera, nyumba ili zii, ndipo ndimakhala pakhomo osafuna kanthu. Koma tsopano ndili ndi kokatula katundu wanga. Ndikuyamika Yesu amene anandipeza tsiku limene ndinalibe chomupatsa, amene anandiletsa kunama, amene anatipatsa ine ndi amuna anga nthawi yotsanzikana ngati anthu. Dzina lake lilemekezeke.

Ndikudziwa kuti muno muli ena amene mwasiya wodwala kunyumba. Mwabwera mothamanga, ndipo maganizo anu ali komweko. Muli ena amene mukusenza nokha zimene dokotala anakuuzani, n'kumamwetulira wodwala ngati zonse zili bwino. Muli ena amene akukunenani zimene simunachite. Musadikire kuti muyambe mwapeza mphamvu. Bwerani kwa Yesu momwemo, ndi maso ofiirawo, mumuuze mmene zilili. Sakubwezani.

Ndipo mapemphero akatha musafulumire kutuluka. Ine ndikhala pabenchi yakumbuyoko. Mudzandiuze kumene mumakhala, ndikakudikirireni wodwala wanuyo masana ano, inu mukagoneko pang'ono.

Ameni.